Samu ya Zaka za Tadala

Amayi anga, kumene muliko kuli bwanji? Ife kuno tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, koma chimanga ayi, mvula inadula msanga. Akazi a achimwene ali ndi mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Ine ndikuthyolabe tiyi ku esiteti, msana ukudandaula koma dengu silimva.

Nkhani ndi iyi: ndinabwerera kusukulu. Musaseke! Ndikaweruka ndimathamangira sukulu ya masana, fomu 2, kukakhala pa desiki ndi ana oti ndikanawabereka ndine. Anthu alankhula mpaka atopa.

Sabata yatha aphunzitsi a masamu amatiphunzitsa kusandutsa mawu kukhala ikwezhoni. Akuti chimene sukuchidziwa uchitche x, kenako ulembe zimene mawuwo akunena, osawonjezera, osachotsa. Atati aliyense apeke chitsanzo cha kunyumba, ine ndi pakamwa pangapa ndinati: mayi amaposa mwana wake ndi zaka 15, zaka zawo pamodzi ndi 47. Anandipatsa choko. Mwana ndi x, mayi ndi x + 15, ndiye x + x + 15 = 47. Ndinapeza bwinobwino, mwana 16, mayi 31. Kalasi yonse inafa ndi phwete, ati samuyo njabodza, wa zaka 15 angabereke bwanji?

Amayi, ndinangobweza choko kwa aphunzitsi. Mwanayo ndi Tadala, mdzukulu wanu, mayiyo ndine. Zaka zonsezi nkhaniyi timaifunditsa mawu okoma, ati ndinakula msanga, ati ndinapeza banja. Pa bolodi panalibe pobisala. Zinandiwawa, ndipo ndinakukwiyirani, chifukwa tsiku lija amalume akuvomera mwamuna uja kuti andikwatire, inu munangoyang'ana pansi. Munkakonda kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera. Awowo agonera mokwanira, sanakomebe.

Tsopano amalume omwewo abwera ndi nkhani ya kapitawo wina wa ku Chimaliro, akufuna Tadala. Ati ali ndi njinga yamoto ndi nyumba ya malata, ati mtsikana anavinidwa kale, akudikiranji? Ndawayankha, Amayi, ine amene sindinkawayang'ana n'kumaso komwe. Ndati umwinimbumba wawo ndikuulemekeza, koma Tadala sachoka pasukulu. Akuti ndikakana andilanda munda wanu uja wa kumtsinje, ndipo pa maliro anga sadzapondapo. Atenge! Pa malirowo ine ndidzawaona ngati?

Ndikudziwa munkawaopa alongo anuwo, ndipo chakukhosi ndilibe nanu. Ndimakusowani tsiku lililonse. Koma mukabwera kutulo kudzawalankhulira, ndikulandirani ndi manja awiri, yankho likhala lomwelo. Kapitawoyo akuti abwera Lachisanu kudzaonekera. Ndikukulonjezani, pakhomo apeza ine, Tadala ali m'kalasi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Joyisi