Nsanja ya Tchalitchi Yapendekeka

Okondedwa achimwene a Wilfred,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Canada sikunakumalizeni. Alamu ndi ana muwapatse moni. Kuno ku York, ku Mangalande, mvula ndi yomwe ija.

Bambo akujambulabe. M'mawa uliwonse amanyamula kampando kawo ndi mapensulo, n'kukakhala pakona ya msewu wa Shambles kujambula nyumba zamakedzana zija, zotsamirana ngati zidakwa. Dzana mayi wina anawayamikira kuti, "Agogo, mwazikhotetsa ndendende mmene zilili." Bambo anangoti, "Mayi, zinapendekeka ndisanabadwe, sindinazikankhe ine." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka.

M'kalata muno ndaikamo chithunzi cha tchalitchi chachikulu chomwe anajambula Lachiwiri. Akuti n'chanu. Muyang'anitsitse nsanjayo. Mukukumbukira mmene ankatigogodera zala ndi pensulo tikakhotetsa mzere? Lero nsanja yawo yapendekeka ngati nyumba za ku Shambles, koma iwo sakuona. Nditawafunsa anati, "Iwe Hester, nsanja imeneyo yaima chilili zaka mazanamazana. Okhota ndi maso ako." Tiyi masiku ano ndimawathirira theka la kapu, poti dzanja lija silikhazikika. Kwa adokotala tinapita. Zimene ananena ndidzakuuzani pamaso.

Tsopano akuti ajambula zipata za mpanda wa mzinda, mdzukulu aliyense chake, ndipo ayambira ana anu. Munati mudzabwera m'chilimwe. Ngati kuntchito angalole, bwerani pa Khirisimasi. Musawauze kuti ndakuitanani ndine, mudzangoti mwadzatenga zithunzi za ana. Ndipo akadzakuonetsani, achimwene, mudzawauze kuti zawongoka.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Hester