Dzina la Chifuniro Lisiyeni

Ngabu,
Chikwawa.
14 Okutobala.

Okondedwa achemwali anga,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu kumeneko ku Lilongwe. Bondo lija likuti bwanji? Ndinamva kuti kukazizira limakuvutitsani. Bwerani mudzaliwotche kuno, dzuwa la chaka chino ngakhale mbuzi zikukana kutuluka pansi pa ngolo.

Ife tadzuka. Bambo a ana, a Simoni, akupalasabe kabaza wawo, ine ndikadali pa benchi langa la nsomba pamsika. Ana anu onse awiri, Yamiko ndi Chifuniro, ali bwino.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati wakalekale. Foni pakhomo pano ndi imodzi, ndipo uthenga uliwonse amayamba kuwerenga ndi anawa. Nkhani iyi ndi ya inu ndi ine.

Katundu munatumiza ndi a Humphrey, othandizana nanu kuphunzitsa timu aja, wafika. Takhuta kwambiri, monga timathokozera kuno. Nsapato za mpira zamukwana Yamiko ngati munachita kumuyeza. Tsiku limenelo anazivala mpaka kumjigo. Ine ndinaseka nawo, koma mtima unali kwina. Zaka zonsezi simunatumizepo munthu ndi galimoto kudzatiwona. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Majezi anali awiri. Yaikulu, ya msinkhu wa Yamiko, kumsana inalembedwa kuti Chifuniro. Yaing'ono inalibe dzina. Nditafunsa, a Humphrey anati osindikiza ndiwo anasokoneza. Ndinangoti chabwino, anthu amalakwitsa.

Kenako anamuimika Yamiko pa khoma loyera la kusitolo n'kumujambula kuyambira m'mapewa, osamwetulira, makutu poyera. Chifuniro sanamujambule. Anamuuzanso Yamiko kuti amete tsitsi lake lonse, ati kumeneko atsikana ampira amameta. Ine pa zithunzi za timu yanu ndimawona ambiri oluka.

Atamwa thobwa m'pamene anatulutsa chimene anabwerera. Anati mwawatuma kuti atenge kabuku ka kusikelo ka Chifuniro ndi khadi lake la ubatizo, ati mukufuna kuwalembetsa ana onse awiri kuchipatala cha kumeneko. Ndinawafunsa chifukwa chake za Yamiko sakuzifuna. Anayamba kupukuta thukuta, n'kunena kuti Ngabu kutentha.

Achemwali, ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerengera zala ndimatha. Yamiko ali ndi zaka 19. Chifuniro ali ndi 15. Pa wailesi ananena kuti Disembala kukhala kusankha atsikana osapitirira zaka 17, ndipo kubwera anthu akunja kudzawona. Tsono mundiuze, mukufuna kumusandutsa Yamiko kukhala mng'ono wake?

Ngati ndakunamizirani, mundikhululukire. Koma njira imeneyi ndimaidziwa, ndinaiponda ndi mapazi angawa.

Mukukumbukira chaka chimene mayi anadwala, ine n'kusiya Sitandade 6 kuti ndizikaingitsa mbalame m'mapira? Inu munali mutalemba Sitandade 8 kawiri osasankhidwa. Masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti wobwereza samuyang'ana, ndiye ana ambiri ankasintha dzina n'kukalembera kwina ngati atsopano. Bambo athu a Bauleni anatenga khadi langa la ubatizo, n'kukukwezani pa njinga mpaka kwa azakhali kwa Katunga. Munachoka pano muli Anastazia, munakalowa m'kalasi muli Immaculate.

Anandiuza ndili pa nsanja m'munda, legeni ili m'manja. Anati ndikubwerekeni dzina chaka chimodzi chokha. Ndinavomera ndikuseka, chifukwa ndinkakukondani kuposa munthu aliyense.

Nanga ndikanapanda kukukondani bwanji? Mtsikana yekhayo m'dera lonse wolowa m'bwalo la anyamata, diresi atalipisira mu kabudula wa achimwene, mapazi opanda nsapato pa dothi lotentha lija. Anyamata ankakana kukutengani, mukawamwetsa zigoli ziwiri n'kuyamba kukulimbirana. Amayi a kutchalitchi anabwera kwathu kawiri kudzanena kuti mwana wamkazi wokankha chikulunga sadzabereka. Ine ndinkakusungirani masilipasi kuseri kwa golo, wina akakunenani ndinkamugenda.

Munasankhidwa. Kusekondale ku Blantyre anakuwonani, mpira n'kukutengani. Chaka chimodzi chija sichinathe mpaka lero.

Ine nditabwerera kusukulu, bambo anati a Immaculate Bauleni awiri m'boma limodzi angatigwiritse, ndingotenga dzina lanu. Ndinalowa m'kalasi ndi dzina lolephera kawiri komanso zaka zitatu zosakhala zanga. Anzanga ankanditchula kuti agogo. Ndinapirira materemu awiri, kenako ndinakayamba kuwamba milamba.

Izi sindinakuuzenipo. Tsiku limene munavala koyamba jezi ya dziko, msika wonse unaunjikana pa wailesi ya okonza njinga. Wolengeza anakuwa kuti Immaculate Bauleni, kamtsikana ka zaka 17 kochokera kuchigwa, kamwetsa ndi mutu. Anthu anandinyamula m'mwamba, mamba a nsomba ali m'manja. Ndinalulutira mpaka mawu kusasa. Nditafika kunyumba ndinalira, chifukwa wa zaka 17 uja ndinali ine. Kunyada ndi nsanje zinandigwira tsiku limodzi, ndipo mpaka pano sizinasiyane.

Sindikuchepetsa ntchito yanu ayi. Zigoli zija munkamwetsa ndi mwendo wanu, osati khadi langa. Ku Joni munapita ndi thukuta lanu, bondo munathyola ndi lanu. Lero atsikana akusewera mpira pa bwalo la Ngabu atavala makabudula, amayi awo akuwaimbira m'mbali, ndipo njira imeneyo munalambula ndinu. Koma mukamafotokoza mbiri yanu pa wailesi, mumayambira pa chikulunga n'kudumphira ku Blantyre. Pakati pamene mumadumphapo ndi pamene ndimakhala ine.

Chiphaso changa chimati ndine wamkulu kwa inu. A Simoni amandiseka kuti anakwatira mayi wachikulire osadziwa. Ndimaseka nawo, nanga n'kutani.

Tsono ndiulule changa. A Humphrey ndinawanamiza. Ndinawauza kuti mapepala a Chifuniro anapita ndi madzi osefukira aja. Alipo, ndipo ali pouma. Musavutike kutuma wina kudzera kwa a Simoni, iwonso sakudziwa pamene ndinawaika. Ndinawawona akunong'onezana ndi a Humphrey kuseri kwa galimoto, ndipo kuyambira tsiku limenelo akungoyamikira za ku Lilongwe ngati anakhalako.

Yamiko akudziwa zonse, ndazindikira. Tsitsi wameta kale. Masiku anayi tsopano sakundiyankhula, akangobwera kubwalo amalowa m'nyumba. Dzana anandiuza mawu amodzi okha, kuti ndikumutsekera mwayi chifukwa ine wanga unandidutsa. Anandilasa pamtima, poti mwina theka lake ndi loona.

Mwanayu mpira amautha, inunso mukudziwa. Akathamanga kumapiko ndimawona inu. Sindikufuna kuti akalambire pa benchi la nsomba ngati ine. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndikudziwa. Mwinanso inu mukuti mukumuchitira zabwino, monga bambo ankaganizira.

Dzulo ndinamutenga Chifuniro kudimba kuti tikathirire, tili awiri. Ndinamufotokozera bwinobwino chimene chikufunidwa kwa iye. Mwanayu ali Fomu 2, amakhala nambala wani kapena thu, ndipo amati adzakhala namwino. Ndinkayembekeza kuti akwiya.

Sanakwiye. Anatula kheni pansi n'kunena kuti ngati n'zothandiza achemwali ake, atenge, dzina si kanthu. Anawonjeza kuti Yamiko wamulonjeza kuti n'chaka chimodzi chokha.

Achemwali, ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Anali kumwetulira, mwana wanga, akuwona ngati wanena chinthu chokoma.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mutengeni Yamiko ndi zaka zake 19. Ngati timu ya ana siingamulandire, mumuyese ku ya akuluakulu, ngakhale akayambire kunyamula madzi. Inu muli ndi pakamwa pomveka kumeneko, mukagogoda amatsegula. Akalephera, alephere ndi dzina lake, adzabwera ndidzamulandira. Akapambana, wolengeza akuwe dzina limene ndinamupatsa ine.

Koma mukalimbikira njira inayi, ndikuuziranitu kuti musadzati mng'ono wanga wandidyera kuseri. Ndidzakwera basi ndi khadi la Chifuniro m'manja, ndidzafika pa tebulo la olembetsa, ndipo akadzandifunsa kuti ndine yani ndidzayamba ndi nkhani ya ine ndi inu. Sindikufuna kutero. Zaka zonsezi ndakusungirani chinsinsi ngati dzira, ndipo ndikhoza kupita nacho kumanda. Langa ndinapereka ndi manja awiri, sindikulifunanso. La mwana wanga ayi.

Jezi yolembedwa ija ndamupatsa mwini dzina. Ikumufika m'mawondo, koma akula nayo.

Mundiyankhe ndi kalata, muitumize kwa abusa, osati pa foni. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa atsikana anu onse a mu timu. A Humphrey muwauze kuti sindinawakwiyire, wotumidwa salakwa. Mulungu akusungeni, alimbitse bondo lanu, ndipo akufewetseni mtima mukamawerenga.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
amene kumsika amati Anastazia,

Immaculate Bauleni.