Pakhomo Panu Si pa Siteji

Chicago, 12 Juni 1961

Okondedwa achemwali a Bernadine,

Kaya mwadzuka bwanji ku Toledo kumeneko? Nanga bondo la amayi lija lasiya kuwavuta? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ukuwira, ndiye mukaona zilembo zokhotakhota musadabwe.

Mukudziwa mmene timasewerera m'chipinda cha kuseri kwa bala: palibe zolemba, oonera amatchula malo, ife n'kupeka pompo. Lamulo ndi limodzi. Mnzako akanena chinthu pa siteji sukana, umavomera n'kuwonjezerapo chako. Amene anatiphunzitsa ankati n'chimene chimatisiyanitsa ndi anthabwala akale oloweza pamtima. Ine ndalisunga ngati la m'Baibulo. Alamu anu a Wendell aona kuti ndi chingwe chondimangira.

Loweruka woonera wina anakuwa kuti tisewere za pa siteshoni. A Wendell anayamba, akuti apeza ntchito ya pa kanema ku New York, ndipo akupita ndi Rhoda, uja woimba piyano. Ndinavomera, n'kuyamba kuwalongedzera sutikesi ya m'malere, n'kuwakumbutsa mankhwala a dazi. Anthu anaseka mpaka kutaya mowa. Kenaka anati adzera ku Toledo kukatenga mwana. Ndinati amutenge, amadya ngati dzombe. Ndinasekanso nawo, chitsiru ine!

Titatsika ndinapeza sutikesi yeniyeni kuseri kwa katani, Rhoda ataikhalira, chipewa chili kumutu. Nditafunsa, a Wendell anati ndikufunsanso chiyani, si ndavomera ndekha pamaso pa anthu? Akuti kunyumba ndimalalata, ndiye anasankha malo amene sindingakane. Munthu wamantha chonchi sindinamuonepo. Zaka zonsezi akasowa chonena pa siteji ndimawatola ndine, anthu n'kumawatcha katswiri. Malipiro ake ndi amenewa.

Mwini bala, a Kowalczyk, m'malo mondipepesa akuti sewero limenelo linaposa onse, bwanji tipeze mwamuna wina tilibwereze Lachisanu. Ndinawauza kuti akalisewere ndi akazi awo.

Za Rhoda ndilibe nazo ntchito. Awatenge, akamve yekha nkonono zawo. Koma mwana wanga Nadine ayi. Ndinamutumiza kwanu kuti akapume holide, osati kuti akatoledwe ngati katundu wa pa siteshoni.

Pempho langa ndi ili. Sitima yawo inyamuka Lachinayi, ndipo imaima ku Toledo. Ine sindingafike Lamlungu lisanakwane, chifukwa ndikajomba sabata ino malo anga apatsa wina, ndiye mwanayo ndidzamudyetsa chiyani? A Wendell abwera ndi maswiti. Adzati mayi ake anavomera, mboni zinadzaza chipinda. Mukuwadziwa pakamwa pawo. Musayambe kuwafotokozera zifukwa, chilichonse chimene munganene adzachitola n'kuwonjezerapo chawo mpaka mudzapezeke mukumangira Nadine nsapato. Ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo ndinawanola ndine.

Achemwali, pakhomo panu si pa siteji. Muime pachitseko, munene liwu limodzi lija limene ine sindinaloledwe kunena, basi mutseke.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Moni kwa alamu a Floyd ndi ana onse. Nadine mumuuze kuti amayi ake akubwera.

Ndine mng'ono wanu amene wasiya kuvomera,

Dolores