Dzina la Wogwira Mfuti

Lolemba, 4 Malichi

Abwera lero amayi a ku ofesi ya ziphaso, tepi yoyezera m'manja, nsapato zoyera ngati akupita ku ukwati. Ayendera famu yonse. Mipanda iwiri, yakhoza. Mipopi yoti ana azisamba m'manja akagwira nyama, yakhoza. Mapepala a nthiwatiwa, inshuwalansi, zonse zili bwino. Mumtima ndinayamba kale kuona ana a sukulu akulowa pageti.

Kenako atsegula tsamba 9 la fomu. Ati ngamila yamphongo ili m'gulu la nyama zoopsa. Pafunika dzina la munthu mmodzi wokhala pafamu pano, wa chilolezo cha mfuti, amene adzaiwombere ikadzathawa muli anthu. Ndinaseka. Ati, "Bambo, sindikucheza." Popanda dzinalo chiphaso palibe, ndipo popanda chiphaso ngamila yanga Chiphazi adzamutenga.

Abweranso Lachiwiri sabata yamawa.

Lachiwiri, 5 Malichi

Chiphazi watafuna chipewa changa. Chachitatu chaka chino, chitsiru chimenechi.

Lachinayi, 7 Malichi

Fomu ikadali pamwamba pa firiji. Chilolezo cha mfuti ndili nacho kuyambira nthawi ya ng'ombe, koma dzanja likukana kulemba dzina langa.

Chiphazi anabwera pano ali kamwana, miyendo ili njenjenje, make atafera m'lole panjira. Miyezi isanu ndi itatu ndikumuyamwitsa ndi botolo. Mpaka lero akamva kutsokomola kwanga amadzuka.

Mayi a ana akuti, "Lembani alamu anu, nkhani ithe. Ndi dzina chabe papepala." Achimwene awo anali msilikali, amakhala m'kanyumba ka pageti. Mwina.

Loweruka, 9 Malichi

Alamu avomera ndisanamalize n'komwe kufunsa. "Aaa, chimenechi? Chipolopolo chimodzi basi!" Anyamula mpini wa khasu, kuloza kukhola, phuu! Eti n'kumaseka.

Alamu si munthu woipa ayi, koma Chiphazi chiwalavulireni malovu chaka chatha, iwo amamuopa, amadutsa patali. Ndipo munthu wamantha chala chake sichidikira. Ine ndingayambe ndagogoda ndowa ya chakudya, ndingayambe ndamuitana. Alamu sangaitane.

Fomu sindinawapatse.

Lamulungu, 10 Malichi

Tayambana kukhitchini. Ndawauza mayi a ana kuti ndilemba dzina langa. Anatseka mpopi n'kundiyang'ana.

"Mwana wa eni ali pansi, Chiphazi ali pamwamba pake. Mungathe? Ngati mukulemba kuti mum'teteze Chiphazi, mwanamiza kholo lililonse lodzalowa pageti apo."

Kenako andikumbutsa zomwe sindifuna kukumbuka. Nyengo yake yofuna yaikazi, thovu kukamwa, chitseko cha khola atachithyola pakati. Tsiku limenelo ndinamuitana mpaka mawu kusasa. Sanandidziwe.

Zandiwawa chifukwa akunena zoona.

Lolemba, 11 Malichi

Ndatsuka mfuti. Ndapita kuseri kwa damu ndi zitini zisanu. Zitatu ndaphonya. Ndabwereza mpaka phewa kutupa.

Madzulo mayi a ana andithowa ndi madzi otentha.

Lachiwiri, 12 Malichi

Amayi a ziphaso abwera ndi dokotala wa ziweto, mkulu wa imvi wosachulutsa mawu. Ndalemba dzina langa pa tsamba 9, iwo akuona. Ndimayesa zatha.

Dokotala ati ayi, sangasayine asanaone kuti malo owombera ndikuwadziwa. Ati pa ngamila ukaphonya pang'ono umangoizunza, ndipo yovulala ndiye yoopsa koposa.

Tinapita kukhola tonse. Mayi a ana anaima pampanda. Ndinamuitana, anabwera akutafuna, ndinamuuza agwade, anagwada.

"Tisonyezeni, bambo."

Ndinaika chala pamphumi pake. Dokotala anagwira dzanja langa n'kulikweza pang'ono. "Apa. Musadzaiwale."

Chiphazi anayesa ndikufuna kumukanda. Anatsinzina, n'kukankhira mutu wake wonse pachala changa.

Ndinamukanda pomwepo mpaka dokotala atamaliza kusayina.