Mtumbira wa Stefano

Mayani, Dedza
8 Novembala 1981

Okondedwa achemwali a Rozina,

Kalatayi ndapatsira a Kenan a lole, sindinaiponye ku positi, chifukwa muli mawu amene sindifuna kuti adutse m'manja mwa anthu. Mukawerenga muiotche. Mumandidziwa, kulemba ndinaphunzira ndekha ndi pensulo ya ukalipentala, ndiye sinditha kuzungulira.

Munafunsa za amayi. Sali bwino. Chifukwa chake ndi maliro a mbale wathu uja. Inu ndi ine timati Stefano, koma kwa Tambala kumene anakwatira anamuika m'manda ngati Twaibu, Msilamu. Kwa anzathuwo akazi saperekeza maliro kumanda, amatsala pakhomo. Amayi anabwerako osaponya ngakhale kadothi, ndipo chiyambire akungowonda. Phala amalawa n'kukankha. Mawu awo ndi amodzi: aone pamene pagona mwana wawo mvula isanasalaze mtumbira. Ndinawalonjeza kuti sabata yokumbukira akufa ndiwatengera kumeneko. Ndinakhoma mtanda wa mlombwa, ndinagula makandulo ndi thumba la simenti.

Nditapita kukakonza za ulendowo ndinapeza kwayaka moto. Pakati pa manda omwewo pagona Shehe Kaisi, amene anthu akumeneko amamulemekeza kwambiri. Ena amakafukizapo lubani, kutapa dothi lokachizira odwala, n'kumapempha shehe kuti awathandize. Mwalimu wachinyamata wa pamzikiti, a Lajabu, amene abwera kumene kuchokera kumaphunziro, akuletsa zimenezo, akuti wopemphedwa ndi Mulungu yekha. Anthu anamenyana pamandapo, wina anaguluka mano. A tcheyamani a chipani analengeza kuti wopezeka kumanda popanda maliro akuchita msonkhano wosaloledwa. Kumene amapita anthu a misonkhano yotere sindichita kukuuzani.

Ndinakaonana ndi mwalimu wamkulu, a Mdoka, amene maso anawathawa kale. Anandifotokozera mofatsa kuti kuyendera manda n'kololedwa, kumakumbutsa munthu kumene akupita. Akufa umawalonjera ndi kuwapempherera kwa Mulungu, koma suwapempha kanthu. Simenti ayi, mtanda ayi, kandulo ayi, ndipo mtumbira suuponda kapena kuukhalira. Za akazi anati ophunzira awo amasiyana maganizo. Iwo amaona kuti mayi angapite, bola asabume maliro.

Ndinawafunsa ngati anaonapo mayi wa kwathu kuno ataima pamanda a mwana wake kukamwa kuli chete. Anati ngati sangathe, atsale. Kenaka anati, "Koma malowo mukuwadziwa, si choncho? Paja munali pamaliro."

Achemwali, apa ndi pamene pali nkhani. Tsiku la maliro ndinapita ndi bokosi pangolo, lopala bwino, loyenera mbale wanga. A Lajabu anakana, anati iwo amaika munthu m'nsalu yoyera basi. Magazi anandikwera. Ndinawanena mawu oti sindingalembe, ndinawakankha pachifuwa anthu akuona, n'kutembenuza ngolo. Pamene maliro ankanyamuka ine ndinali ndili panjira. Manda a Stefano sindinawaone, koma amayi ndinawasiya akukhulupirira kuti ndinaliko mpaka potsiriza.

Ndinazembera ndekha kukasuzumira. Mitumbira yonse ndi yofanana, yaifupi, yopanda dzina, ndipo yatsopano ndi yambiri chaka chino. Mlamu wathu, mkazi wa Stefano, sadziwa, nayenso anatsala pakhomo. Alongo ake akuopa a tcheyamani, anangoti ndikafunse amene anatsikira m'dzenje kukagoneka thupi. Ameneyo ndi a Lajabu, munthu amene ndinamukankha, yemwenso amalalikira kuti akazi asamapite kumanda.

Ndisakubisireni, ndinaganiza zongowalozera amayi mtumbira uliwonse. Akanadziwa bwanji? Koma ndinaona kuti sindingathe kuwaimika pamanda a mwana wa eni n'kumawaonerera akutchula dzina la Stefano.

A Lajabu ndinawapeza pakhonde akusoka pamakina. Sanandipatse mpando. Ndinati ndinawalakwira, ndipo sindinabwere kudzatsutsana za m'buku lawo, ndabwera chifukwa amayi akutha. Anayankha makina akulirabe kuti zimene ananena mumzikiti sangazibweze, kuti akaoneka akutsogolera mayi kumanda akuluakulu awaseka, ndipo a tcheyamani ayambira iwo popeza ndewu ija amati anayambitsa ndi iwo. Ndinagwira mzati wa khonde kuti manja akhale ndi chochita.

Ndinati, "Ine ndiye wolakwa. Nanga mayi uja walakwa chiyani?"

Anaimitsa makina, ine n'kuyesa kuti andithamangitsa. Kenaka anati, "Sindikunena kuti n'kololedwa. Lachinayi m'mawa ndikalonjera akufa, ine ndekha. Pamene ndikaime nthawi yaitali ndi pomwepo. Wobwera m'mbuyo mwanga sindimudziwa."

Lachinayi ndinawakweza amayi panjinga. Mtanda, makandulo ndi simenti zinatsala. Ndinawauza zoona zonse tili panjira, iwo anangondigwira malaya mwamphamvu. Pamlatho anatiimitsa anyamata a malaya ofiira kufuna makhadi a chipani. Tinaonetsa. Atafunsa kumene tikupita ndinati kwa alamu.

Kumanda tinapeza a Lajabu ataima pafupi ndi mitengo ya masuku, manja atatambasula, nkhope kumpoto. Anaima, anaima, kenaka anachoka osacheuka. Amayi anavula nsapato n'kuyandikira. Kolona anaifumbata m'dzanja mkati mwa chitenje. Nsonga ya chitenjecho anaiika m'kamwa n'kuiluma. Mapewa ankagwedezeka, misozi ikutsika mpaka m'khosi, koma mawu sanatuluke ngakhale amodzi. Ine ndinanena moni umene a Mdoka anandiphunzitsa, woti mtendere ukhale pa eni malowo ndipo ifenso tikubwera. Amayi anazungulira mtumbira pang'onopang'ono, osauponda, akuyang'ana pansi ngati munthu woyendera munda.

Kulira kunaphulika titafika kumsewu. Analira maliro onse amene anawasunga, mpaka anthu anatuluka m'nyumba. Sindinawaletse, pamenepo sipanalinso pamanda. Koma ndi mmene nkhani inamvekera. Dzulo kwabwera uthenga woti ine ndi a Lajabu tikaonekere kwa a tcheyamani Lachiwiri. Ndikanena kuti mwalimuyo sanatitenge ndipo sanatiyang'ane n'komwe, ndipo si bodza. Zotsalazo ndisenza ndekha. Ndalumbira kuti ndikagwira lilime, ngakhale mukundidziwa. Mukaona kuti Khirisimasi yafika osamva za ine, mulembere a Elena akazi anga, ndipo mubwere mudzatenge amayi.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse kumeneko ku Kabwe. A Elena akupereka moni. Amayi ali pakhonde pano, apempha kachewere wophika ndipo amaliza mbale. Ndawafunsa choti ndikulembereni. Akuti ndikuuzeni kuti mlongo wanu anamugoneka pamtunda, mvula ikagwa madzi sadzadikhapo.

Ndine mlongo wanu,
Ezara