Phazi la Lufeyo

Lasabata, mwezi wa Juni. Kwazizira, ndipo mtima wandilemera tsiku lonse.

Chimkwita. Dzina limeneli landitsamwanso lero. Anali kapitawo wathu kale ku shedi ya fodya ku Mponela, ine ndikuyendetsa folokolifiti yonyamulira mabelo. Paipi ya mabuleki itayamba kudontha mafuta, ndinamuuza. Iye anati, "Mangani ndi mphira ya njinga, achimwene, fodya sadikira." Mabuleki anakana, ndipo ndinaponda phazi la mnzanga Lufeyo. Kwa mabwana Chimkwita anati sindinamuuzepo kanthu. Anali tcheyamani wa chipani, ndikanamutsutsa bwanji? Ntchito inandithera pomwepo.

Lero kutchalitchi ku Malomo ndaona Lufeyo akukoka mwendo. Ndinafuna kubisala kuseri kwa azimayi, koma wandiona.

"A Mbewe, mukuthawa ine? Mwendowu suthamanga, bwerani mukhale apa."

Wandisendera pa benchi, taimba m'buku limodzi. Ine maso ali pa phazi lake lopindikalo.

Ntchito sindikuifunanso, ndakalamba. Koma ndisanafe, Chimkwita aime pamaso pa Lufeyo, anene ndi pakamwa pake kuti za mphira ija analamula ndi iye.