Kawaya Kotsala M'mbale Yanga

Loweruka, 7 Juni

Amuna anga, a Injiniya a m'nyumba muno, lero amasula tayala lakumbuyo la njinga yamoto, ati kusintha tcheni. Munthu ntchito yake ndi yogulitsa nsapato, sipanala anaiphunzira kuti? Manati onse m'mbale yanga yatsopano, oyilo bii! Atamanga zonse, m'mbalemo mwatsala kawaya kopinda pawiri, konga kopanira tsitsi. Ndafunsa. Ati, "N'kotsala basi, akufakitale amaika zambiri." Zambiri! Ndakasunga m'kachikwama.

Lamulungu, 8 Juni

Masana onse anali kozungulira nayo kwa anzawo. Pobwera ndafunsanso. "Iwe za njinga ukudziwapo chiyani?" Eya, sindidziwa. Chomwe ndikudziwa n'choti mwana wanga amakhala pamwamba pa tayala lomwelo m'mawa uliwonse popita kusukulu, pamsewu wa malole uja.

Lolemba, 9 Juni

Kiyi ndabisa m'chitini cha mchere. Asaka mpaka kutembenuza matiresi. Ndati sindinamuone, ndipo chisoni ndilibe olo pang'ono. Mwana ndamuperekeza wapansi.

Lachiwiri, 10 Juni

Kawaya kaja ndakatengera kwa makaniko wa kuseri kwa msika. Anayamba n'kuseka, nditatchula tayala lakumbuyo kuseka kunatha. "Mayi, aka kamalowa pakabowo kutsekera nati yaikulu kuti isabwerere. Popanda aka, mabampu amaimasula pang'onopang'ono, tsiku lina tayala limangopita kwawo."

Ndinayenda mothamanga kudzawauza a Injiniya, koma ayi, nkhani yasanduka yoti ndakawayalutsa kwa anthu. "Mwamuna wako ndi ine kapena makaniko?" Moyo wa mwana uli apo, iwo akulira ulemu! Kiyi amupeza pothira mchere m'ndiwo, ine kupusa. Ati mawa akwera, ndipo mwana amutenga. Mtima ukuwira moti cholembera chikuboola pepala.

Lachitatu, 11 Juni

M'mawa ndinaima pageti. Mwana ali kale pampando, chipewa kumutu, chikwama kumsana. Ati ndichoke. Ndinati, "Bambo a mwana, gwirani natiyo ndi zala zokha. Ikakana, pitani, sindidzayankhulanso."

Anatsonya, n'kuwerama kuti andionetse uchitsiru wanga. Nati inazungulira. Anaigwiranso, inazunguliranso, kachitatu n'kugwera m'manja mwawo.

Anayang'ana natiyo, n'kuyang'ana mwana. Mawu onse amene ndinawakonzera masiku anayi aja ndinangowameza.

Mwana ndiye anafunsa, "Adadi, sitikupita?"

Anamutsitsa, n'kumuvula chipewa okha. "Lero tiyenda wapansi, mwanangu."

Podutsa pageti anatambasula dzanja osandiyang'ana. Ndinawaikira kawaya kaja.